Ndinamukana Nyalongwe Pofunsira Ntchito

Tsiku limenelo kunacha ndi mwera. Pofika m'mawa nyanja inali itachita thovu, mafunde akumenya mchenga wa ku Kande ngati anthu opuntha mpunga. Palibe bwato limene linalowa m'madzi. Kuseri kwa nyumba yathu amayi a m'mudzi ankasinja chinangwa choviika, ndipo pakati pa kugunda kwa misi ndinkamva mkazi wanga akutsokomola m'nyumba. Zimenezi ndimazikumbukira bwino kuposa nkhope ya mzungu amene ndinapita kukaonana naye. Inu owerenga, limenelo ndi tsiku limene ndinakana mkazi wanga ndi pakamwa pangapa, dzuwa likuwala, chifukwa chofuna ntchito. Ntchitoyo sindinaipeze, ndipo mkaziyo Mulungu anamutenga ndisanakonze zimene ndinaononga.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndakula tsopano, ndipo ndimaona anyamata a kwathu kuno akupukuta nsapato, akupita kukafunsira ntchito ku boma ndi ku makampani. Ndikafuna kuwauza pamaso ndimalephera, choncho ndati ndilembe. Ife kuno timayankhula Chitonga, koma ndalemba m'Chinyanja kuti ndi akutali omwe amve.

Ndinaphunzira ku sukulu ya mishoni mpaka ndinadziwa kulemba bwino, masamu ndi Chingerezi cha m'buku. Sindinapitirire chifukwa bambo anga atamwalira panalibe wina wogwira ukonde wawo. Ndinakwatira Nyalongwe mu tchalitchi, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Mariya. Nyalongwe anali mkazi wamfupi, wosachedwa kuseka, wodziwa kuwerenga Chitonga chokha. Anzanga a msinkhu wanga pafupifupi onse anali atakwera sitima kupita kukagwira ntchito kunja, ku Joni ndi ku Sozibele, ena osabwererako. Ine ndinkati sindidzapita. Ndinkati usipa ndi chinangwa zitikwanira.

Patapita zaka zochepa nkhondo yaikulu itatha, Nyalongwe anayamba kutsokomola. Poyamba tinkati ndi chimfine cha m'dzinja. Mvula inatha, chifuwa osatha. Anawonda mpaka chibangili chake chinkatsetsereka chokha kufika m'zala. Tinamunyamula pa machila kupita naye ku chipatala ku Chintheche. Wothandiza adokotala kumeneko anandiitanira pambali, nati chifuwa chimenechi chikufuna kuti azimuona kawirikawiri, ndiponso mkaziyo aleke kusinja ndi kusenza. Koma kuchokera ku Kande ulendo wa machila unkadya pafupifupi tsiku lonse, ndipo wodwala ankafika atatheratu. Tinapita kawiri. Kachitatu iye anakana, nati safuna kupha anthu omunyamula.

M'masiku amenewo tinamva kuti sitolo yaikulu ya kampani ina ku Chintheche ikufuna kalaliki. Malipiro sindiwo anandikopa. Ntchitoyo inali ndi nyumba yake ya njerwa kuseri kwa sitolo, ndipo munthu ataima pakhomo pake ankaona denga la chipatala. Ndinaona kuti ndikapeza ntchito imeneyo Nyalongwe aziyenda yekha pang'onopang'ono kukalandira mankhwala, ine ndizigona pakhomo tsiku lililonse. Abusa athu anandilembera kalata ya umboni, naitumiza okha kwa mzungu wa sitoloyo. Zimene analembamo sindinazione, ndipo sindinafunse, poti kufunsa abusa zimene alemba za iwe kunali kusowa ulemu.

Tsopano ndikuuzeni za Hanoki. Ameneyu anali msuweni wanga, mwana wa amalume. Anakhala ku Joni zaka zambiri, nabwerako ndi galamafoni, suti yakuda bii, ndi dzanja lamanzere lopanda zala ziwiri zimene zinatsala mu mgodi. Chingerezi ankayankhulira m'mphuno ngati mwini wake. Mukudziwa mmene asuweni amakhalira: timanyozana, timalandana zinthu, ndipo palibe mlandu. Iye ankanditcha kuti mbusa wa usipa, ine ndinkamutcha kuti bwana wa zala zisanu ndi zitatu. Ndinkamukonda. Mlamu wake, Yotamu, anali kapitawo wa amtengatenga pa sitolo imene ija, ndipo ankamudziwa mzunguyo kuyambira chipewa mpaka nsapato.

Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero awiriwa anafika kwathu, tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Hanoki anati wamva za nkhani yanga ndipo sangalole msuweni wake kukachita manyazi pamaso pa mzungu. Anatulutsa pepala limene anali atalembapo mafunso khumi ndi awiri m'Chingerezi, lililonse ndi yankho lake pansi. Anati mafunso a azungu ndi omwewo kulikonse, ndipo wowaloweza sagwa. Ambiri anali abwino: dzina, mudzi, sukulu, ngati ndimamwa mowa, ngati ndinamangidwapo. Koma funso lachisanu ndi chiwiri linkati: kodi uli ndi mkazi? Yankho lake pansi linkati: iyayi bwana, sindinakwatire.

Ndinaloza pamenepo ndi chala, n'kunena kuti apa walakwitsa. Hanoki anayang'ana kunyumba kumene Nyalongwe ankatsokomola, natsitsa mawu.

"Msuweni, mzungu uja amaopa chifuwa kuposa mkango. Ukati uli ndi mkazi, afunsa ali bwanji. Ukati akudwala, watha. Sangakulole kugwira nsalu zake. Yotamu, ndikunama?"

"Sakunama, ada," anatero Yotamu, akunditchula mwaulemu m'Chitonga, maso ali pansi. "Mukalowe kaye ntchito. Pakapita miyezi mudzati mwakwatira tsopano."

Ndinati koma limeneli ndi bodza.

"Bodza la m'Chingerezi si bodza, mbusa wa usipa iwe," anatero Hanoki. "Mulungu wa ku Kande amamva Chitonga."

Ndinaseka. Inu owerenga, pa zonse zimene ndinachita, kuseka kumeneko ndi kumene kunatsegula chitseko. Ndikadakwinya nkhope n'kung'amba pepalalo, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Koma ndinaseka, ndinapinda pepala, n'kuliika m'thumba. Mumtima ndinkati ndikuchitira Nyalongwe yemweyo.

Ife ana a mishoni njira yophunzirira tinkadziwa imodzi, ya katekisimu: wina afunse, iwe uyankhe osaphonya liwu, mpaka yankho lizituluka lokha. Mafunso a Hanoki ndinawaphunzira chimodzimodzi. Ndipo wondifunsa anali Nyalongwe. Chingerezi sankachidziwa, koma manambala ankawadziwa. Madzulo aliwonse ndikachokera ku ukonde ankakhala pa mphasa, atatsamira khoma, pepala lili m'manja, n'kumatchula nambala. Akati loyamba, ine ndiimirire chilili, manja kumbuyo, n'kuyankha. Akati lachinayi, ine n'kuyankha. Nthawi zina ankadumphadumpha dala kuti andigwire, ndipo ndikakakamira ankaseka mpaka chifuwa chimugwire.

Tsiku lina anafuna kudziwa tanthauzo la funso lililonse. Ndinamumasulira ena onse bwinobwino. Titafika pa lachisanu ndi chiwiri ndinangoti likufunsa za pabanja.

"Ndiye limenelo muziyankha mokweza, ada," anatero. "Mzunguyo adziwe kuti muli ndi wokuchapirani."

Kuyambira tsiku limenelo funso limenelo linasanduka lake lapamtima. Ankalibwereza kawiri, katatu. Ine ndinkaimirira pamaso pake n'kunena mokweza m'Chingerezi kuti ndilibe mkazi, iye n'kumawomba m'manja. Zinachitika choncho masabata awiri. Palibe tsiku limene ndinagona osadziwa chimene ndikuchita. Ndinkapemphera m'mawa ndi madzulo monga mwa nthawi zonse, koma nkhani imeneyi ndinkailambalala m'pemphero ngati munthu wolambalala nyumba ya apongozi.

Zovala anakonza ndi iyeyo. Jekete loyera ndi buluku ndinabwereka kwa mnzanga wovina malipenga. Nyalongwe anazichapa, naziviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti ziume gwa, nabwereka nsimbi ya makala kwa akazi a aphunzitsi. Ndinamuletsa chifukwa utsi unkamutsamwitsa, koma anati mwamuna wa ku Kande sangakaonekere kwa mzungu ngati wagona m'bwato. Anasita atakhala pansi, akupumira pakati. Nsapato anandibwereka Hanoki.

M'mawa wa mwera uja Nyalongwe anatuluka mpaka pakhonde, atafunda bulangete. Anandikonza kolala, natchula nambala imodzi, ine n'kuyankha, iye n'kuseka. Anati ndipite ndi Mulungu. Ndinakulunga jekete mu nsalu, nsapato ndinazikoleka m'khosi, ndipo ndinayenda wapansi mchenga ukundilasa m'miyendo. Nditayandikira Chintheche ndinasamba mapazi pa kamtsinje, n'kuvala.

Pakhonde la sitolo ndinapeza anthu atatu akudikira, ndipo mmodzi wa iwo anali Hanoki, atavala suti yake ya bii. Ndinadabwa. Anati wabwera kudzandilimbitsa mtima, ndiponso kudzaonetsetsa kuti nsapato zake sindizigulitsa. Ndinamuthokoza.

Anandiitana wachiwiri. M'ofesi munali mzungu atakhala kuseri kwa tebulo, ndi kalaliki wamkulu, bambo a imvi ochokera ku Zomba, amene anali pafupi kupuma pa ntchito. Mzunguyo sanafunse motsata pepala la Hanoki. Anandipatsa cholembera, nanditchulira mayina a katundu kuti ndilembe. Ndinalemba. Anandipatsa masamu, ndinawapeza onse. Anaonetsa pepala langa kwa kalaliki wamkulu uja, ndipo bamboyo anagwedeza mutu mokondwa. Anandifunsa za mowa, za ukonde, za nthawi imene sitima imafika. Zimene sindinaloweze ndinayankha mwa ine ndekha, m'Chingerezi chothyokathyoka, ndipo ndinaona kuti akumvetsera bwino. Mtima wanga unayamba kuona kale Nyalongwe atakhala pakhonde la njerwa.

Kenaka, akuyang'ana kalata ina imene inali patebulo, anafunsa ngati ndili ndi mkazi. Anafunsa mopepuka, ngati munthu wodziwa kale yankho. Ine pakamwa panatseguka pokha. Yankho linatuluka lonse, losalala, lokweza, monga Nyalongwe anandiphunzitsira.

Mzunguyo anadzutsa mutu. Anayang'ana kalata ija, nayang'ana ine. Kalaliki wamkulu anatsokomola pang'ono, nati kwa mzunguyo mwina sindinamve bwino Chingerezi. Anatembenukira kwa ine nayankhula m'Chinyanja, pang'onopang'ono.

"Bambo, bwana akufunsa ngati muli ndi mkazi kunyumba. Ganizani bwino, musafulumire."

Inu owerenga, apa ndiye pamene sindingabisale kumbuyo kwa munthu. Yankho loyamba lija mukhoza kunena kuti linali lilime lozolowera. Koma bambo uja anandiponyera chingwe. Anandifunsa m'chiyankhulo chimene ndinkachimva bwino, ndipo anandipatsa nthawi. Ndinamva mafunde kunja. Ndinaganiza za chifuwa, za nsalu za mzungu, za nyumba ya njerwa. Ndipo ndinati, "Ndilibe."

Mzunguyo ananyamula kalata ija nayamba kuiwerenga mokweza. Inali ya abusa athu. Analemba kuti anandidalitsa ukwati ndi manja awo, kuti mkazi wanga akudwala chifuwa, ndi kuti nyumba ya pafupi ndi chipatala ingakhale chifundo chachikulu kwa banja lathu. Analembanso kuti pa zaka zonse zimene andidziwa sanandimvepo ndikunena bodza. Atamaliza anaiika pansi. Anati akalaliki awiri amene anali nawo kale anali osakwatira, ndipo onse anathawira ku Joni sitima itangolira. N'chifukwa chake anauza kapitawo wake Yotamu kuti alengeze m'midzi kuti tsopano akufuna munthu wapabanja. Za matenda a mkazi wanga anati anazidziwa asanandiitane, ndipo sizinamuvute. Kenaka anandifunsa kuti wabodza ndani, abusa kapena ine.

Ndinati ndine, bwana.

Sanakalipe. Anangoti makiyi a sitolo sangawapereke kwa munthu amene angabise mkazi wake. Kalaliki wamkulu ananditulutsa. Pakhomo anandigwira pamkono nati, "Mwalemba bwino kuposa onse amene ndawaona pano. Anakuphunzitsani zimenezi ndani?" Ndili chiimire pomwepo ndinamva akuitana dzina la Hanoki, ndipo iye anadzuka, nakonza tayi, nalowa osandiyang'ana. Yotamu anali kuseri kwa mabelo a nsalu, akukalipira amtengatenga pa chinthu chimene sindinachione. Hanoki anali ndi mkazi ndi ana anayi. Ntchito anapatsidwa tsiku lomwelo.

Ndinavula nsapato za Hanoki zija n'kuzisiya pakhonde la sitolo. Ndinabwerera ku Kande mwera ukundiwomba kumaso.

Kunyumba ndinangoti sananditenge. Nyalongwe anati Mulungu ali ndi khomo lina, ndipo ndisadandaule chifukwa iye akupezako bwino. Anandifunsa ngati ndinayankha onse osakakamira. Ndinati inde. Limeneli linali tchimo langa lachiwiri, ndipo mwina ndi lalikulu kuposa loyamba. Ndikadagwada tsiku lomwelo n'kumuuza ndekha, akadamva kwa mwamuna wake. Koma ndinasiya kuti akamve kwa anthu.

Nkhani za pa sitolo siziyenda pang'onopang'ono. Patapita masiku atatu, Nyalongwe anadzikoka kupita ku dziwe kumene amayi amaviika chinangwa, kuti akangokhala ndi anzake. Kumeneko mayi wina wa pakamwa pakuthwa anamulonjera kuti, mwadzuka bwanji akazi a munthu wosakwatira. Ena anaseka, ena anamudzudzula mayiyo, ndipo pomudzudzulapo nkhani yonse inatuluka.

Ndinamupeza atakhala pa mphasa, pepala la Hanoki lili pamiyendo. Sanalire. Anandiuza kuti ndikhale pansi.

"Ada, lachisanu ndi chiwiri lija mundimasulire. Funso ndi yankho lomwe."

Ndinamumasulira liwu ndi liwu. Ndinayamba kufotokoza za chifuwa, za mzungu, za nyumba, koma anakweza dzanja.

"Zimenezo ndamva. Munafuna kundithandiza, ndikudziwa." Anapuma kaye. "Koma ine ndinkawomba m'manja, ada. Masiku onse aja. Munkandiona ndikuwomba."

Anapinda pepalalo bwinobwino n'kundipatsa. Sanandinyoze, sanapite kwawo, sanasiye kundiphikira pa masiku amene anali ndi mphamvu. Koma kuseka kwake kuja kunachoka m'nyumba mwathu. Ankaseka ndi Mariya, ankaseka ndi anzake, koma ine ndikalowa ankakhala ngati munthu amene wafikiridwa ndi mlendo wolemekezeka. Ndinapepesa kangapo. Nthawi zonse ankati zatha, ada, ndipo ankanena mwaulemu kwambiri.

Akulu a mpingo anandiitana. Abusa sanandiyang'ane kumaso, poti ndinawachititsa manyazi pamaso pa mzungu. Anandiimitsa ku Mgonero kwa nthawi. Anandifunsa ngati pali wina amene anandinyenga, ndipo ndinati pakamwa panali panga. Hanoki ndinakumana naye kamodzi panjira ya ku Chintheche. Ndinangomufunsa kuti, msuweni, unadziwa? Anaseka mokakamiza, nati zinali zachisuweni chabe, sankaganiza kuti mbusa wa usipa angakanenedi zimenezo. Ndinamuyang'ana, ndipo kuseka kwake kunazima. Tinapatukana.

Miyezi ingapo itapita ndinakwera sitima kupita ku Sozibele. Anthu ndinawauza kuti ndikukafuna ndalama za msonkho ndi mankhwala abwino a mkazi wanga, ndipo zinali zoona. Koma pano ndikulemba chilungamo: ndinathawanso manyazi. Sindinkatha kudutsa pa dziwe lija, sindinkatha kukhala kumbuyo mu tchalitchi anzanga akulandira Mgonero, ndipo koposa zonse sindinkatha kupirira ulemu wa Nyalongwe. Ndinamusiya m'manja mwa amayi ake. Tsiku lonyamuka anandiikira usipa wouma m'kathumba, nati ndizivala jekete chifukwa amva kuti kumeneko kumazizira. Ine amene ndinkati sindidzapita, ndinapita pa nthawi imene ankandifuna kwambiri.

Kumeneko ndinapeza ntchito yolemba katundu m'nyumba yosungiramo fodya. Mwini wake anandifunsa funso lomwe lija, ndipo ndinamuuza zonse, ndi za chifuwa zomwe. Anangolemba, nandiuza kuti ndiyambe Lolemba. Ndinatuluka panja n'kukhala pa mwala.

Nyalongwe anandilembera makalata atatu m'Chitonga, ndi dzanja lake. Ndikadali nawo. Amanena za denga limene linkadontha, za mbuzi za anansi zimene zinalowa m'munda wa chinangwa, za dzino la Mariya limene linaguluka. M'kalata iliyonse amati akupezako bwino. Ndawawerenga kosawerengeka kufunafuna liwu limodzi lonena za funso lija, kaya lokwiya kaya lokhululuka, ndipo mulibe. Kalata yachinayi analemba ndi aphunzitsi a m'mudzi. Inandipeza patapita masabata atatu atamuika m'manda. Anamwalira nthawi ya mango, ali pa machila, anthu akuthamanga naye ku Chintheche. Anatsirizikira panjira, chipatala chisanaoneke.

Sindine dokotala, ndipo sindinganene kuti nyumba ya njerwa ija ikadamuchiritsa. Masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu. Chimene ndikudziwa n'chakuti akadamwalira ine ndili pambali pake, ndipo mwina tikadakhala ndi nthawi yoti mtima wake ubwerere kwa ine. Ndinabwerera kwathu, ndinalera Mariya, ndinagwiranso ukonde. Sindinakwatirenso. Anthu anandipezera akazi abwino, koma sindinathe.

Tsono inu amene mukukonzekera kukaonekera kwa olemba ntchito, mverani munthu amene anagwa. Chapani zovala, sitani, fikani nthawi yabwino, phunzirani za ntchitoyo mmene mungathere. Zonsezi n'zabwino, ndipo ine ndinazichita. Koma musaloweze mayankho a munthu wina ngati katekisimu. Yankho loloweza limatuluka msanga kuposa nzeru, ndipo likatuluka silibwerera. Kumbukirani kuti pamene ndinkayankha ndi Chingerezi changa chothyoka mzungu uja ankandimvetsera, ndipo chimene chinandigwetsa ndi chiganizo chokhacho chimene ndinachinena mosalala.

Wina akakuuzani kuti bwana amafuna zakutizakuti, funsaninso kwa wina amene alibe chake pa ntchitoyo. Ine ndikadangopita kwa abusa n'kuwaonetsa pepala lija, akadandiuza tsiku lomwelo kuti za matenda analemba kale. Ndinaopa kuwafunsa chifukwa cha ulemu, koma sindinaope kukanama. Ndipo ngati pali yankho limene simungathe kulimasulira mkazi wanu, kapena mayi anu, liwu ndi liwu, yankho limenelo musapite nalo. Amene ali kuseri kwa tebulo kawirikawiri amadziwa za inu zambiri kuposa mmene mukuganizira. Ngakhale asadziwe, inuyo mudzabwerera kunyumba, ndipo kumeneko kuli anthu amene adzakufunsani mmene mwayendera. Mukalakwa, kaneneni nokha tsiku lomwelo. Musadikire kuti akamve ku dziwe.

Za Hanoki ndi Yotamu anthu amandifunsa mpaka lero. Kwa zaka zambiri sindinawayankhule. Sindinawatukwane, sindinawasumire kulikonse, koma tikakumana pa maliro ndinkakhala mbali ina. Ndinkalandira Mgonero ndili ndi mwala mumtima, ndipo ndinkadziwa kuti sizoyenera. M'kupita kwa nthawi ndinayamba kuganiza za Hanoki monga munthu. Ndi dzanja lake lija ku mgodi sakadamulandiranso, ukonde sankatha kukoka, ndipo ana anayi ankamuyang'ana. Iyenso anachita mantha ngati ine, ndipo mantha ake anamuuza bodza lake monga anga anandiuzira langa. Sindikuti anachita bwino. Ndikungoti ine amene ndinakana mkazi wanga kawiri sindinali woyenera kukhala pa mpando woweruza.

Chaka chimene Mariya anakwatiwa, Loweruka la sabata ya Mgonero, ndikusoka ukonde pakhomo, ndinaona anthu awiri akubwera wapansi kuchokera ku Chintheche. Anali iwowo, onse atachita imvi. Anakana mpando, nakhala pa mchenga. Yotamu anayamba, nati mawu a mzungu anawamva ndi makutu ake, ndipo anawatembenuza dala. Hanoki anayang'ana dzanja lake lija. Kenaka anati sizinali zachisuweni, funso lija analilemba akudziwa chimene lidzachite, ndipo tsiku limene machila a Nyalongwe anabwerera ndi mtembo iye anatseka sitolo n'kukabisala m'nyumba ya njerwa ija. Sananditche mbusa wa usipa. Ananditchula dzina langa.

Ndinawauza kuti amene akadayenera kumva mawu amenewa ali kumanda, ndipo ine sindingayankhe m'malo mwake, monganso ine sanandiyankhe. Tinapita atatu kukaima pa manda ake. Titabwerako Mariya anatipatsa madzi, tinamwera chikho chimodzi. Mbali imene inali yanga, ndinawakhululukira onse awiri.